Uthenga Wafika, Nanga Mwini Wake Ali Kuti?

Mai wina wachikulire wa mu mphakati mwathu adamva za imfa ya mwana wake motere. Linali tsiku Lachitatu madzulo, dzuwa litapendeka, iye ali pakhonde kusankha nyemba. Pambali pake kamdzukulu kake kankaseweretsa lamya ya m'manja ya amai ake. Mwadzidzidzi kamwanako kadati, "Agogo, taonani, galimoto iyi ikukhala ngati ya amalume." Gogoyo adalandira lamya ija naiyandikiza kumaso. Adaona galimoto yotswanyika m'mbali mwa mseu wa M1, ndipo pafupi nayo munthu ali chigonere, atamfunditsa chitenje chosafika kumapazi. Nkhope sinkaoneka. Koma nakubala sasokonezeka ndi mwana wake: adazindikira nsapato. M'munsi mwa chithunzicho wina anali atalembamo zilembo zitatu za Chingerezi, RIP, ndi tinkhope tiwiri tojambula tokhetsa misozi.

Pa nthawi yomweyo amuna awiri, mlongo wake wa gogoyo ndi mkulu wa mphakati, anali m'njira kudzanena zovutazo monga mwa mwambo. Adachedwa pa mlatho wa Lilongwe, pamene magalimoto amathithikana madzulo aliwonse, ndipo ali m'galimotomo ankapangana mau oti akayambire. Pamene ankati odi, adapeza gogo ali thapsa pansi, nyemba zili mbwee pakhonde ponse, anansi akumthira madzi kumaso. Uthenga unali utafika kale. Udafika wokha, wopanda munthu woti amgwire mkono pakugwa.

Amene adajambula chithunzicho sanali chigawenga ai. Anali munthu wodutsa m'njira, mwina mkhristu mnzathu woimba kwaya. Amene adachimwaza m'malamya a mzinda uno ndife tomwe. Kwa ine chidafika kanayi dzuwa lisanalowe, ndipo kawiri chidadzera m'magulu a pa WhatsApp a ku tchalitchi. N'chifukwa chake ndikulemba, abale anga, ndipo ndilemba mosapsatira mau. Mlandu wanga ndi uwu: lamya imatha kunyamula nkhani, koma munthu singathe kumnyamula. Tsono zilipo nkhani zina zimene zikayenda popanda munthu zimasanduka mkondo. Imfa, matenda, kupepesana ndiponso mbiri ya mnzathu, zonsezi taziponya m'kabokosi kamene kadapangidwira zinthu zazing'ono, ndipo tikudzinamiza kuti udindo wathu wathera pomwepo.

Kabokosi ka zilembo 160

Tiyambe taona chiyambi cha chipangizochi, pakuti munthu wodziwa ntchito imene khasu lidasulidwira sapita nalo kukagwetsa mtengo. M'chaka cha 1985 katswiri wina wa ku Germany, Friedhelm Hillebrand, adakhala pa makina otayipira nayamba kulemba ziganizo zosiyanasiyana, akuwerenga zilembo zake. Iye ndi anzake adayang'ananso zimene anthu ankalemba pa mapositikhadi. Adapeza kuti mau otere kawirikawiri sapitirira zilembo 160, ndipo uwu ndiwo udakhala muyeso wa uthenga wa SMS mpaka lero. Uthenga woyamba udatumizidwa ku England pa 3 Disembala 1992, ndipo unali mau awiri okha ofunira munthu Khrisimasi yabwino. Kuno kwathu kampani ya TNM idakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, ndipo ya Celtel, imene idasanduka Zain kenaka Airtel, idafika m'chaka cha 1999. WhatsApp idabadwa ku America m'chaka cha 2009.

Onani tsono: muyeso wa uthengawu udatengedwa pa positikhadi, kakalata kopanda envulopu kamene wapaulendo amalembapo kuti wafika bwino. Pa ntchito imeneyo uthenga wa pa lamya ulibe unzake. "Ndili pa depoti, dzandichingamireni." "Misa ya mawa ndi 6 koloko." "Pobwera mugule shuga." Izi zimakwanamo bwino lomwe. Koma ndani adauzapo mai za imfa ya mwana wake pa positikhadi?

Ngakhale chinenero chathu chimalowa movutika m'kabokosika. Zilembo zimene akatswiri a ku Ulaya adasankha poyamba zinali za zinenero zao. Chilembo chija cha w wovala kachipewa, chimene chili m'dzina loti Malaŵi, mulibemo. Munthu akachilemba mu SMS, makina amasintha kawerengedwe kake, ndipo malo a uthenga umodzi amatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70. Wina adzati zimenezo nzakale, poti WhatsApp ilibe mpanda wotere. Zoonadi. Mpanda wa zilembo udagwa, koma chizolowezi chodula mau chidatsala. Ndiponso vuto lenileni silinali kuchepa kwa malo.

Vuto lenileni ndi liu. Chichewa ndi chinenero choimba: tanthauzo la mau limakhalanso m'kukwera ndi kutsika kwa liu, ndipo zimenezi sitizilemba. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timalemba chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso chimodzimodzinso. Pa mau awa nkhani yozungulira imatipulumutsa. Koma taganizani za bambo amene wayambana ndi akazi ake m'mawa, ndipo masana ali ku ntchito ku Capital Hill walemba kuti, "Ndimakukondani." Mau amenewa mukawatchula mwa njira ina akunena za chikondi chimene chilipo masiku onse, mukawatchula mwa njira inanso akunena za chikondi chimene chinalipo koma chapita. Pakamwa, ngakhale mwana sangasokoneze ziwirizi. Pa galasi la lamya, mai wokhumudwa adzawerenga ndi liu la kukhumudwa kwake komwe.

Apa ndiye pagona nkhani: wowerenga uthenga ndiye amaupatsa liu. Inu mwalemba "chabwino" mtima uli pansi. Mnzanu wamva "chabwino" wa munthu wonyanyala. Ndipo inu palibe kuti muone nkhope yake ikugwa nkubweza mau msanga. Ankhoswe a masiku ano akudziwa zimene ndikunenazi. Mlandu wa banja umayamba ndi kutulutsa malamya, aliyense nkumawerenga zimene mnzake adalemba pakati pa usiku miyezi itatu yapitayo. Mau a pakamwa amapita ndi mphepo, ndipo kuiwala kumathandiza kukhululuka. Mau olembedwa mu ukali amakhala pomwepo, ndi tsiku lake ndi ola lake, kudikira kuti wina atosenso bala. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ife tikusiya mlomo m'thumba la munthu aliyense.

Chithunzi chilibe manyazi

Ambiri amati chithunzi sichinama. Chimanama ndithu, ndipo mabodza ake ndi atatu. Poyamba chimadula: chimaonetsa zimene zalowa m'kati mwake nkubisa zonse za m'mbali. Mtsikana wa m'kwaya wajambulidwa akutsika m'galimoto ya bambo wina pa mseu wa Malangalanga. Chithunzi sichinena kuti bamboyo ndi atsibweni ake, ndi kuti kumbuyo kwakhala amai ake odwala amene akupita nawo ku chipatala. Pofika madzulo dzina la mtsikana laonongeka m'parishi yonse. Kachiwiri, chithunzi chilibe tsiku kapena mudzi: ngozi ya dziko lina ya zaka zapitazo imatulukira lero itavala dzina la Kanengo kapena Nathenje. Kachitatu, masiku ano chingathe kupangidwa popanda kujambula kanthu. M'mwezi wa Malichi 2023 anthu ochuluka pa dziko lonse adakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma ngati cha anyamata a m'tauni, chikhalirecho chidapangidwa ndi kompyuta. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Kandionere nayenso sasiyana naye.

Koma ngakhale chithunzi chitanena zoona zokhazokha, chilibe manyazi ndipo sichisankha maso. Munthu wotumidwa amayamba wayang'ana amene wampeza pakhomo. Chithunzi chimagwera aliyense: mwana wa sukulu, mai wapakati, gogo wodwala mtima. Tonse tikukumbuka tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege yonyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, mkhristu wa parishi ya St Patrick's ku Area 18, idasowa itanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Mzuzu. Usiku wonse malamya adabala mphekesera. Tsiku lotsatira, ndege itapezeka m'nkhalango ya Chikangawa anthu onse asanu ndi anayi atamwalira, zithunzi za pamalopo zidalowa m'nyumba zathu osagogoda. Aliyense wa anthu asanu ndi anayi amenewo anali ndi abale, ndipo abalewo analinso ndi malamya. Kodi chala chathu chisanadinde, tidawakumbukira?

Katekisimu imatiphunzitsa kuti thupi la womwalira liyenera ulemu, pakuti linali nyumba ya Mzimu Woyera ndipo lidzauka pa tsiku lomaliza. Makolo athu, asanamve nkomwe Mthenga Wabwino, ankafunditsa mtembo ndi kuchotsapo ana. Ife obatizidwa ndi ophunzira tikuuvundukula pamaso pa mzinda wonse, ndipo tikutcha zimenezo kudziwitsa anthu.

Makolo ankatuma munthu

Kumudzi kukagwa zovuta sankathamangitsa mwana kuti akanene. Ankasankha anthu okhwima, kawirikawiri awiri, odziwa kusunga pakamwa. Iwo akafika ankati odi, nakhala pansi, nalonjeredwa. Kenaka ankafuna mwini mbumba kapena munthu wina wolimba mtima namtengera pambali. Sankayamba ndi liu loti imfa. Ankati, "Odwala aja matenda akula," nayamba adikira. Pambuyo pake ankati, "Tayesetsa, koma zakanika." Womvayo ankafika pa choonadi pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika phiri atagwiridwa dzanja. Pamene mfuu unkamveka, amai anzake anali atamzinga kale namfedwayo, ndipo nyakwawa inali itauzidwa.

Anthu a m'tauni timati kumeneko nkuzungulira. Koma kuzungulirako kunali mankhwala. Mai wanzeru amayamba wamwetsa mwana phala asanampatse mankhwala owawa. Ngakhale m'masiku a telegalamu, uthenga wochokera ku Joni kapena ku Halale kawirikawiri unkafikira ku mishoni kapena kwa aphunzitsi, ndipo wansembe, katekisiti kapena mphunzitsi ankakwera njinga kukaunena pamaso. Pepala linkayenda mtunda wautali, koma mtunda womaliza, wa pachipata kufika pakhonde, unkayendedwa ndi munthu. Mtunda womalizawo ndiwo tautaya.

Mipanda ya m'ma Area

Ndinene tsopano za ife a mu Lilongwe, makamaka ife okhala m'nyumba za mipanda. Likulu litasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, mzinda uno udamangidwa motalikirana: Old Town kwake, City Centre kwake, Capital Hill kwake, ma Area kwao, pakati pali nkhalango ndi madambo. Pamwamba pa kutalikirana kumeneko ife tidaonjezapo njerwa. Yendani mu Area 10, Area 12 kapena Area 43: mpanda wotalika kuposa munthu, pamwamba waya wamagetsi, pachipata mlonda ndi galu. Munthu angathe kukhala zaka khumi osadziwa nkhope ya mnansi wake. Ku Kauma, kuseri kwa Area 12 komweko, ndi ku Mtandire, pafupi ndi Area 47, kukagwa maliro masamba amaikidwa pa mseu, ndipo wodutsa aliyense amatsika njinga. Kwa ife a m'mipanda, maliro a khomo loyandikana timawamvera pa lamya.

Eklezia idaona msanga kuopsa kwa moyo wotere. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala Episkopi wa Lilongwe m'chaka cha 1972, adaitanitsa sinodi ya dayosizi imene idayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo pamtima pake panali miphakati. Aepiskopi a maiko a m'chigawo chino, a bungwe la AMECEA, adagwirizana pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976 kuti timagulu tating'ono ta akhristu ndito tikhale maziko a ntchito ya Eklezia. Cholinga chake chinali chakuti akhristu oyandikana azidziwana nkhope ndi maina, azilowerana m'nyumba, azisenzerana zolemera. Boma la nthawi imeneyo lidaikayikira miphakati, ndipo Ambuye Kalilombe adasauka nayo mpaka kuchoka m'dziko muno. Chinthu chimene episkopi adavutikira chotere, ife tachisandutsa chiyani?

Tachisandutsa gulu la pa WhatsApp. M'mawa uliwonse mumagwa zithunzi za maluwa ndi za Amai Maria, ndi ma Amen osawerengeka. Koma tsiku la msonkhano wa mphakati mipando imatsala. Mkhristu akagonekedwa ku chipatala cha Kamuzu Central, m'gulumo mumadzaza timanja tojambula topemphera. Kuchipatalako kumafika anthu awiri, ndipo ndi omwe aja a masiku onse. Pa maliro timatumiza chipepeso pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nkujambula umboni wake nkuuika m'gulu kuti onse aone. Ndalama nzofunika, sindikana. Bokosi ndi ufa sizigulidwa ndi misozi. Koma maliro nkulirana, ndipo ndalama silira. Chondichititsa manyazi koposa ndi ichi: amene ali ndi magalimoto awiri mumpanda ndiwo amatumiza uthenga, pamene woyenda pansi kuchokera ku Mtandire kudzagona pa siwa ndi mai wogulitsa tomato.

Tanenani zoona, abale anga: lamya tayikonda pa nkhani zolemerazi chifukwa imatibisa. Kupita kwa namfedwa nkovuta. Sudziwa choti unene. Kupepesa pamaso kumafuna kudzichepetsa. Kudzudzula mnzako uli naye pafupi kumafuna kulimba mtima, poti iyenso ayankha. Uthenga wolemba umatipatsa mbiri ya munthu wachifundo popanda mtengo wa chifundocho. Mfumu Davide, pofuna kupha Uriya, sadamuuze pamaso. Adalemba kalata kwa Yowabu, naipatsira Uriya yemweyo kuti anyamule. Kuyambira kale anthu amalemba zimene akuopa kunena akuyang'ana m'maso mwa mnzao.

Zimene otsutsa anganene

Woyamba adzati: nanga abale athu a ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku London? Nanga nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene m'mwezi wa Januwale 2021 bwalo la masewero la Bingu lidasanduka chipatala, ndipo odwala sankaloledwa kuzondedwa? Ndikuvomera ndi mtima wonse. Kumene mapazi sangafikeko, lamya ndi chifundo cha Mulungu, ndipo ambiri adatsazikana ndi okondedwa ao kudzera m'menemo. Koma ndodo ya wopunduka isasanduke chifukwa choti wamiyendo yabwino aleke kuyenda. Kuchokera ku Area 47 kukafika ku Kawale si ulendo wa ku London ai. Ndipo ngakhale kwa akutaliwo, mwambo wa makolo ungathe kusungidwa: imbirani poyamba munthu wokhwima amene ali pafupi ndi namfedwayo, apite akakhale naye, kenaka uthenga unenedwe ndi liu. Liu limaposa zilembo, monga momwe nkhope imaposera liu.

Wachiwiri adzati: kodi Paulo woyera sadalembe makalata? Adalemba, ndipo timawawerenga pa Misa mpaka lero. Koma taonani m'mene ankayendera. Ankapatsidwa munthu wodziwika. M'kalata yolembera Aroma, Paulo akupempha kuti amlandire bwino Febe. M'makalata olembera Aefeso ndi Akolose akutuma Tikiko kuti akafotokoze zonse pakamwa ndi kulimbitsa mitima ya abale. Kalata inkawerengedwa mokweza pamaso pa mpingo wosonkhana. Yohane woyera, potsiriza kalata yake yachiwiri ndi yachitatu, akunena kuti ali nazo zambiri koma safuna kuzilemba, akuyembekeza kubwera kuti adzakambirane pamaso. Mtumwi wodziwa kulemba ankadziwanso polekezera pa cholembera.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chathu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, ndipo idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi. Mphamvu yake idachokera kuti? Pansi pake panali maina a anthu odziwika. Ansembe adaimirira pa guwa naiwerenga ndi pakamwa pao, nkhope zao zikuoneka. Olembawo adasenza zotsatira zake: adaitanidwa ku polisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka idatenthedwa. Linganizani kalata imeneyo ndi mauthenga amene amatifika masiku ano, opanda dzina, opanda tsiku, oyamba ndi mau oti "akuti". Ngakhale eni ake a WhatsApp adaona kuipa kwake, ndipo m'chaka cha 2019 adaika malire akuti uthenga wongolandira usatumizidwe kumalo oposa asanu nthawi imodzi. Dziko lathunso lili ndi lamulo la m'chaka cha 2016 lolanga ovutitsa anzao kudzera pa makina otere. Koma mkhristu sayenera kudikira kampani kapena polisi; lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu lidamletsa kale kuononga mbiri ya mnzake.

Wachitatu adzati: nthawi ilibe, mafuta adakwera mtengo, ntchito njambiri. Nzoona kuti moyo wa m'tauni ngwothina. Koma werengani maola amene maso athu amakhala pa galasi la lamya tsiku limodzi, ndi ndalama zimene timathera pa mabandulo mwezi umodzi. Nthawi tili nayo. Tangoipereka kwina.

Mulungu adabwera yekha

Wina asaganize kuti Eklezia imadana ndi makina. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha pa 4 Disembala 1963, udayamika njira zofalitsira mauthenga ngati zinthu zodabwitsa zimene nzeru za munthu zidatulukira mothandizidwa ndi Mulungu. Tili ndi Radio Maria, tili ndi Radio Alinafe pa Maula pompano, ndipo m'chaka cha 2025 Papa Leo XIV adalengeza kuti Carlo Acutis, mnyamata amene ankalalika za Ukaristia pa intaneti, ndi woyera. Koma Eklezia yomweyo imadziwa malire. M'chaka cha 2002 bungwe la ku Vatican loona za mauthenga lidanena poyera kuti pa intaneti palibe masakramenti. Simungalape pa lamya. Simungabatize mwana ndi chithunzi cha madzi, kapena kudzoza wodwala ndi uthenga. Sakramenti limafuna madzi enieni, mafuta enieni, mkate weniweni, dzanja ndi liu la munthu amene ali pomwepo. Papa Francis, m'kalata yake ya Fratelli Tutti ya m'chaka cha 2020, adakumbutsa kuti kucheza kwa pa makina kumasowa nkhope, kumasowa kukhala chete, kumasowa kunjenjemera kwa manja ndi thukuta, pamene zonsezi zimayankhula.

Chifukwa chake nchozama. Mulungu adatumiza mauthenga ambiri kudzera mwa aneneri, ndipo Malamulo adawalemba pa miyala. Koma nthawi itakwana adabwera yekha, navala thupi lathu, nayenda ndi mapazi m'fumbi la Galileya. Chikhulupiriro chathu chonse chaima pamenepo. Amai Maria, atamva kuti Elizabeti ali ndi pakati mu ukalamba wake, adanyamuka mofulumira kupita ku mapiri, nakhala naye ngati miyezi itatu. Marita ndi Maria adatumiza uthenga kwa Yezu kuti Lazaro akudwala. Uthengawo udagwira ntchito yake, udaitana. Koma Yezu sadayankhe ndi uthenga unzake. Adapita ku Betaniya, naima pa manda, nalira. Abwenzi a Yobe adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adayamba kulakwa atatsekula pakamwa. Kukhala chete kotere lamya sikudziwa. Pa lamya, ukakhala chete ndiye kuti palibe.

Kumbukiraninso ntchito zisanu ndi ziwiri zachifundo za pa thupi zimene tidaloweza tili ana: kudyetsa anjala, kumwetsa aludzu, kuveka ausiwa, kulandira alendo, kuzonda odwala, kuyendera am'ndende ndi kuika akufa. Iliyonse imafuna manja ndi mapazi. Pa Mateyo 25, Mfumu yoweruza idzafunsa ngati tidabwera kudzaiona pamene inkadwala. Sindikhulupirira kuti tidzapulumuka poionetsa timanja tojambula tija.

Tichite chiyani tsono?

Sindikupempha kuti titaye malamya mu mtsinje wa Lingadzi. Ndikupempha kuti tiwabwezere pa ntchito yao, ntchito ya kamnyamata kotumidwa kukaitana akuluakulu, osati kukaweruza mlandu.

Choyamba, za maliro zisalembedwe m'gulu lililonse abanja asanauzidwe pamaso, ndiponso mwini mbumba asanalole. Atsogoleri a miphakati, a makwaya ndi a mabungwe a m'parishi aike lamulo limeneli poyera, ndipo wolilakwira adzudzulidwe, ngakhale akhale bwana wa ku Capital Hill.

Chachiwiri, mtembo, munthu wovulala pa ngozi ndi wodwala ali pa bedi tisawajambule. Chithunzi chotere chikatifika, chithere pa ife. Tichifufute, ndipo amene watumizayo timuuze mwaulemu kuti walakwa. Pa ngozi manja athu akufunika kunyamula wovulala, osati lamya.

Chachitatu, mkangano usalembedwe. Ambuye Yezu, pa Mateyo 18, adatilamula kupita kwa mbale wathu ndi kukamba naye pa awiri. Mtima ukatentha, lembani mau amodzi okha: "Tikumane liti?" Zotsalazo zidikire mpando ndi nkhope.

Chachinayi, uthenga wopanda mwini, wonena za munthu amene palibe kuti adziyankhire, tisaupitirize, ngakhale utakoma chotani.

Chachisanu, banja lililonse lisankhe khomo limodzi pa mlungu, la wodwala, la wokalamba kapena la namfedwa, lipiteko ndi ana omwe. Ana sadzaphunzira kukhuza maliro ngati sadaonepo makolo ao atakhala pa mphasa. Ndipo pa nthawi ya nsima malamya agone kuchipinda.

Mwana wa gogo uja tidamuika ku manda a ku Area 18. M'lamya ya mlongo wake mudalowa mauthenga achipepeso ochuluka kwambiri, ena okongola ndithu, koma gogoyo sadawerengeko ngakhale umodzi. Kuyambira tsiku lija sakhudzanso lamya. Mukapita kukamuona, amakusimbirani za mai wina wa ku Mtandire amene adafika wapansi usiku woyamba, nayala chitenje pambali pake, nagona pomwepo masiku atatu. Akuti maiyo sadanene zambiri. Ankangomdzutsa m'mawa ndi kumkakamiza kumwa phala.

Inu amene mwawerenga tsamba lino, alipo munthu amene mudamtumizira uthenga mwezi wathawu pamene mukadayenera kupita. Dzina lake mukulidziwa. Lamulungu likudzali, Misa ikatha, musakhotere kunyumba msanga. Pitani mukati odi.